Petulo Woyenera Galimoto Yakale: Nambala Yaikulu Si Mphamvu

Pakati pa anthu osunga galimoto zakale pali chikhulupiriro chimene chidazika mizu, chakuti petulo wa nambala yaikulu ndiye wamphamvu, ndi kuti munthu woikonda galimoto yake ayenera kuimwetsa petulo wa nambala yaikulu kopambana amene angampeze. Nambala imene ikunenedwayi ndi ija ilembedwa pa pampu m'maiko ambiri, monga 91, 93, 95 kapena 98, ndipo dzina lake ndi octane. Chikhulupirirochi chimveka chokoma m'khutu, koma n'cholakwika. Chifukwa cha icho ena ataya ndalama pachabe, pamene ena, poyang'anitsitsa nambala, alephera kuona zinthu zimene zikudya injini zawo mwakachetechete. Choona n'chakuti petulo woyenera ndi amene akwanira pa zofuna za injiniyo, ndipo adani aakulu a injini yakale masiku ano sali pa nambala yokhayo ayi.

Galimoto zimene zikunenedwa pano ndi zija zidatchuka pakati pa 1950 ndi 1980, monga Peugeot 404 ndi 504, Land Rover, Volkswagen Beetle ndi Morris Minor. Zina mwa izo zidadzipangira mbiri m'misewu ya fumbi ya mu Africa. Peugeot 404 idapambana mpikisano wa East African Safari kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo 504 idakondedwa kotero kuti ku Kenya ndi ku Nigeria adapitiriza kuilumikiza mpaka kudutsa chaka cha 2000. Lero zatsala zowerengeka, ndipo zipangizo zake n'zosowa. Pisitoni imodzi ikabooka, galimoto yonse ikhoza kukhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Tsono kusiyana kwake ndi galimoto zamakono n'kwakukulu. Injini yamakono ili ndi kachipangizo komva kugogoda ndiponso kompyuta imene idzikonzera yokha nthawi yoyatsira moto petulo akakhala wosayenera. Injini yakale ilibe zonsezi. Mlonda wake ndi khutu la woyendetsa basi.

Kuti nambala ya octane imveke bwino, n'kofunika kuyamba ndi zimene zichitika m'kati mwa silinda. Pisitoni ikamatsika ikoka mpweya wosakanizika ndi petulo kuchokera mu kabureta. Ikamakwera iupanikiza mpweyawo m'kamalo kochepa, ndipo ikatsala pang'ono kufika pamwamba pulagi ithetheka. Zinthu zikakhala bwino, moto uyambira pa pulagi n'kufalikira mwadongosolo, monga uchitira moto woyatsidwa kumbali imodzi ya munda wa mapesi, ndipo pisitoni ikankhidwa mofatsa koma mwamphamvu. Koma kutentha ndi kupanikizika zikapyola muyezo, mpweya umene uli kumathero, umene moto wa pulagi sunaufike, uphulika wokha mwadzidzidzi. Pamenepo pisitoni sikankhidwanso koma imenyedwa, ndipo woyendetsa amva kaphokoso konga ka timiyala togwedezedwa m'chitini. Kumeneku ndiye kugogoda. Kusasokonezedwe ndi kuja amakaniko anena kuti injini yanoka, pamene mabering'i atha. Koma kugogoda kukalekereredwa kutenthetsa injini, kuthyola maring'i, kupsereza gasiketi ndi kuboola pisitoni, ndipo mapeto ake ndi manda omwewo.

Octane tsono ndi muyezo wa kupirira kwa petulo: kuti angapanikizidwe ndi kutenthedwa kufikira pati asanaphulike yekha. Muyezowu udachokera ku ntchito ya katswiri wa ku America, Graham Edgar, m'zaka za m'ma 1920. Padasankhidwa mafuta a mitundu iwiri. Wina, wotchedwa iso-octane, ngwopirira kwambiri, ndipo adapatsidwa nambala 100. Winayo, wotchedwa heptane, agogoda msanga, ndipo adapatsidwa 0. Petulo wa 95 ndiye amene, poyesedwa mu injini yoyesera, apirira mofanana ndi msakanizo wa magawo 95 a iso-octane ndi magawo 5 a heptane. Palibe paliponse m'muyezowu pamene patchulidwa mphamvu. Lita imodzi ya petulo wa 98 ili ndi mphamvu pafupifupi yofanana ndi lita ya 91. Umboni woonekeratu ndi ethanol, amene octane yake ipitirira 100, koma mphamvu yake pa lita ichepera ya petulo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nambala ikadakhala mphamvu, zimenezi sizikadatheka.

Chimene chilamula nambala imene injini ifuna ndi kukula kwa kupanikiza kwake, kumene amakaniko akutcha kompuresheni. Injini ya 7:1 ipanikiza mpweya kuchokera m'malo a magawo 7 kufikira m'gawo limodzi. Injini ya petulo ya Land Rover ya malita 2.25 inkapangidwa ya mitundu iwiri, ya 7:1 ndi ya 8:1, ndipo ya 7:1 inkatumizidwa kwambiri ku maiko kumene petulo wabwino ankasowa. Volkswagen Beetle nayo inali ya kompuresheni yotsika. Injini zoterezi sizivuta pa petulo wamba wa masiku ano. Koma Rover 3500 yoyambirira, ya masilinda asanu ndi atatu, inali ya 10.5:1, ndipo inkafuna petulo wa 100. Nkhaniyi ifanana ndi ya nsapato. Mwana wovala nsapato yothina avulala zala, koma kholo lomugulira nsapato yaikulu kuposa phazi silimuwonjezera liwiro. Land Rover ya 7:1 ikamwetsedwa petulo wa 98 sionongeka ayi, komanso sikwera phiri msanga kuposa kale. Chimene chipepuka ndi thumba la mwini wake.

Choncho poyambira penipeni ndi buku la galimotoyo, osati mphekesera za pabwalo la bawo. Koma mabuku akale afuna kuwerengedwa mosamala, pakuti maiko salemba nambalayi mofanana. Ku Ulaya, ku South Africa ndi m'maiko ambiri alemba muyezo wotchedwa RON. Ku America ndi ku Canada aphatikiza miyezo iwiri n'kugawa pakati, motero nambala yawo ioneka yotsika: petulo amene iwo amlemba 87 afanana ndi wa 91 kapena 92 pa muyezo wa RON. Mnyamata wowerenga malangizo a ku America pa intaneti osadziwa zimenezi asokonezeka msanga. Mabuku a galimoto za ku Britain nawo atchula nyenyezi, chifukwa kuyambira 1967 petulo kumeneko ankasiyanitsidwa motero: wa nyenyezi zinayi sankatsika pa 97, ndipo wa nyenyezi zisanu anali wa 100. Buku likanena nyenyezi ziwiri, mwini galimoto apume mtima. Likanena zinayi kapena zisanu, adziwe kuti injini yake ifuna chisamaliro chapadera.

Chinanso chimene ambiri sachilingalira ndi malo amene galimoto iyenda. Munthu akamakwera kumtunda mpweya upepuka, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa mamita 1,000 oyamba. Injini ya kabureta ikoka mpweya wochepa, kupanikizika kutsika, ndipo octane yofunika itsikanso. N'chifukwa chake ku South Africa petulo wa 93 agulitsidwa kumtunda, monga ku Johannesburg kumene kuli pa mamita oposa 1,700, pamene m'mphepete mwa nyanja agulitsa wa 95. Lamulo lachilengedwe limeneli ligwiranso ntchito ku Malawi. Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita oposa pang'ono 1,000, Dedza ali pamwamba kuposa pamenepo, koma Nsanje sakwana mamita 100, ndipo kutentha kwa m'Chigwa cha Shire kufika madigiri 40 m'miyezi ya October ndi November. Galimoto imene idakonzedwa ku Dedza n'kumayenda mwakachetechete ikhoza kuyamba kugogoda pokwera chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre masana, itasenza katundu. Petulo ndi yemweyo. Chasintha ndi mpweya ndi kutentha. Ukalamba nawo uwonjezera vuto, pakuti mwaye woundana pamwamba pa pisitoni uchepetsa malo, ukweza kompuresheni, ndipo usunga kutentha.

Wina akhoza kufunsa kuti, kodi zonsezi zithandiza chiyani ku Malawi, kumene pa malo omwetsera mafuta kawirikawiri papezeka petulo wa mtundu umodzi wokha? Yankho n'lakuti pamene petulo sangasankhidwe, injini ndiyo iyenera kukonzedwa kuti igwirizane naye, ndipo ntchito imeneyi si yodula. Injini ikatentha bwino, woyendetsa ayende pa msewu wosalala m'giya yomaliza pa liwiro la makilomita 40 kapena 50 pa ola, kenaka aponde mafuta mwamphamvu namvetsera. Timiyala tija tikamveka mopitirira, makaniko atembenuze disitibyuta pang'ono kuti pulagi izithetheka mochedwerako, madigiri awiri okha nthawi imodzi, ndipo ayesenso. Apa pafunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Taimingi ikachedwetsedwa mopyola muyezo injini ifooka, imwa mafuta ambiri, itentha, ndipo mavalavu a utsi apsa. Pamodzi ndi zimenezi rediyeta itsukidwe, mapulagi akhale a mtundu umene buku linena, mwaye uchotsedwe, ndipo woyendetsa asamachite ulesi kutsitsa giya pokwera mtunda. Injini za kompuresheni yokwera kwambiri zokha ndizo zingafune mapisitoni ena kapena mankhwala odalirika okweza octane.

Tsopano pabwera nkhani imene isokoneza ambiri, ya mtovu. Mu December 1921 Thomas Midgley, wogwira ntchito yofufuza ku kampani ya General Motors mu mzinda wa Dayton ku America, adapeza kuti mankhwala a mtovu pang'ono chabe othiridwa mu petulo aletsa kugogoda, ndipo petulo wotereyu adayamba kugulitsidwa mu 1923. Mtovuwo unkagwira ntchito ziwiri. Yoyamba inali kukweza octane. Yachiwiri inali kusiya kanthu kopyapyala pa mpando wa valavu ya utsi, kamene kankateteza chitsulo kuti chisadyeke valavu yotentha ikamamenyapo kambirimbiri pa mphindi. Injini za hedi ya chitsulo chosungunula, monga za Land Rover yakale ndi Morris Minor, mipando yake idasemedwa m'chitsulo chofewa chomwecho. Mtovu utachoka, valavu ilowa pang'onopang'ono m'kati mwa hedi, mpata wa matapeti utsekeka, ndipo potsiriza valavu ipsa. Injini za hedi ya aluminiyamu zili ndi mipando ya chitsulo china yoikidwamo, imene kawirikawiri ipirira bwino. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: petulo wa nambala yaikulu wopanda mtovu sachiritsa matenda amenewa ngakhale pang'ono. Mankhwala ake ndi kuika mipando yolimba pamene hedi yatsegulidwa, kuthira mankhwala olowa m'malo mwa mtovu, ndi kupima matapeti kawirikawiri. Galimoto yoyendetsedwa mofatsa idyeka pang'ono. Imene ithamangitsidwa ulendo wautali ndi katundu wolemera ndiyo ili pa ngozi.

Alipo ena amene alira petulo wakale, nati masiku a mtovu ndiwo anali abwino, ndipo ena afika posirira mafuta a ndege zing'onozing'ono, amene akadali ndi mtovu mpaka lero. Kulira kumeneku n'kosayenera. Kuopsa kwa mtovu kudadziwika kuyambira pachiyambi, pakuti mu October 1924 anthu asanu ogwira ntchito pa fakitale ya mankhwalawa ku Bayway, m'chigawo cha New Jersey, adamwalira atasokonezeka mutu. Mtovu wotuluka mu ekizozi ugwera m'fumbi, ndipo fumbilo apuma ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu popita ku sukulu. Uononga ubongo wa mwana, uchepetsa nzeru zake, ndipo zimene waononga sizibwezeka. Bungwe la World Health Organization linena kuti palibe mlingo wa mtovu umene udziwika kuti ngwosavulaza. Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara adagwirizana ku Dakar mu 2001 kuthetsa petulo wa mtovu, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2006 adatero. Dziko lomaliza padziko lonse linali Algeria, mu 2021. Mphunzitsi aliyense amene adavutikapo ndi mwana wosagwira phunziro aone kuti valavu ya galimoto, ingakhale yokondedwa chotani, siyenera kugulidwa ndi ubongo wa mwana. Mpando wa valavu makaniko ausintha tsiku limodzi.

Mdani wachiwiri, amenenso ali bwenzi, ndi ethanol. Dziko la Malawi ndi limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kusakaniza ethanol ndi petulo. Fakitale ya ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, idayamba mu 1982 kupanga ethanol kuchokera ku madzi akuda otsala popanga shuga, ndipo ina idatsegulidwa m'boma la Chikwawa mu 2004. Ethanol akweza octane ya petulo popanda poizoni wa mtovu, ndipo apulumutsa ndalama zakunja. Pa zimenezi ayenera kuyamikiridwa. Koma ali ndi makhalidwe atatu amene injini yakale siwakonda. Afewetsa ndi kung'amba mapaipi a labala akale ndi kachikopa ka mu pampu ya petulo, ndipo paipi yodontha pafupi ndi injini yotentha ndi moto woyembekeza nthawi yake. Akoka chinyezi mu mpweya, kotero galimoto ikaima miyezi yambiri madzi akhazikika pansi pa thanki ndi kubala dzimbiri. Chachitatu, popeza ethanol ali ndi okosijeni m'kati mwake, kabureta yokonzedwera petulo wosasakaniza ipereka mafuta ochepa kuposa ofunika, ndipo injini itentha. Zonsezi zili ndi mankhwala: mapaipi atsopano opirira ethanol, sefa yoyera, kabureta yosetedwa kuti ipereke mafuta ochulukirapo pang'ono, ndi kuiyendetsa galimoto kawirikawiri. Eni galimoto zakale ku Britain adayamba kudandaula kwambiri mu September 2021, pamene petulo wamba kumeneko adafika pa magawo 10 a ethanol pa 100. Koma Peugeot imene yakhala ikuyenda m'misewu ya Malawi kuyambira 1982 yamwa msakanizo wotere zaka zoposa 40. Yofunika kuichenjerera ndi imene yangofika kuchokera kunja, kapena imene yadzutsidwa itagona zaka zambiri.

Mdani wachitatu ndiye woopsa kopambana, ndipo alibe nambala konse: petulo wa m'zigubu. Mafuta akasowa, monga zidachitikira mu 2011 ndi 2012 ndiponso m'zaka zina zotsatira, ogulitsa m'mbali mwa msewu achuluka, ndipo ena osakhulupirika awonjezeramo parafini kuti malita achuluke. Octane ya parafini ndi yotsika zedi. Injini yomwetsedwa msakanizo wotere igogoda kwambiri, ifuka utsi, ndipo parafini wosapsa atsikira mu oilo namusungunula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Petulo wokhalitsa nayenso ataya ubwino wake, pakuti mbali zake zopepuka ziuluka, n'kutsala zomata zotseka timabowo ta kabureta. Munthu amene atsutsana ndi anzake tsiku lonse za 93 ndi 95, madzulo n'kukagula chigubu chosadziwika kumene chachokera, aopa mbewa pamene fisi ali m'khola.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene iyenera kuyankhidwa mwachilungamo. Iwo ati, popeza petulo wa nambala yaikulu saononga kanthu, ndi bwino kupyola kusiyana ndi kuperewera. M'mawu amenewa muli nzeru ndithu. Woyendetsa amene wafika m'dziko la mapampu awiri, injini yake ili ya kompuresheni yokwera, nyengo ili yotentha ndiponso katundu ali wolemera, achita bwino kusankha nambala yaikulupo. Ku Britain ambiri agula petulo wa 97 kapena kuposa chifukwa chakuti ethanol wake sapitirira magawo 5 pa 100, ndipo chimenecho n'chifukwa chomveka. Koma injini ikagogoda pa petulo amene buku lake linena kuti ngwokwanira, ndiye kuti ikudwala: taimingi yatsogola, mwaye wachuluka, rediyeta yatsekeka kapena kabureta ikuimana mafuta. Kuithira petulo wodula pamenepo ndi kuphimba chilonda ndi nsalu yokongola. Phokoso lileka, koma matenda apitirira, ndipo tsiku limene petulo wodulayo adzasowe injini idzaulula zonse pamodzi.

Achinyamata amene atsiriza sukulu n'kulowa m'magalaja kukaphunzira umakaniko adzakumana ndi galimoto zimenezi, ndipo eni ake adzawafunsa za petulo. Yankho labwino siliyamba ndi nambala koma ndi mafunso: kompuresheni ya injiniyi ndi yotani, hedi yake ndi ya chitsulo chanji, mapaipi ake adasinthidwa liti, ndipo iyenda kumtunda kapena kuchigwa? Safunsa adadya phula. Aphunzitsi a sayansi nawo ali ndi phunziro lokonzeka kale pa pampu ya petulo, loonetsa ana kuti nambala iliyonse iyenera kufunsidwa chimene ikuyeza isanakhulupiriridwe. Amene adapanga injini zimenezi adazipangira petulo amene kulibenso, ndipo sadzabweranso. Chotsala n'chakuti mwini galimoto awerenge buku lake, asinthe zoyenera kusintha, agule mafuta pa malo odziwika, ndipo pokwera mtunda azimitse wailesi kuti amve chimene injini ikunena.